Ndithandizeni nzeru, ndikupanga kamutu ka sitima ya dizilo

Abale anga mu gulu muno muli bwanji, ine ndili pa Mchinji boma. Ndikaweruka ndimakonda kupangapanga tizinthu tamanja, panopa ndayamba kamutu ka sitima kofanana ndi mitu yaku Canada ija ya Bombardier yomwe Malawi Railways inali nayo nthawi imene njanji inafika kuno mu 1980. Koma sindikufuna mmene unkaonekera uli watsopano ayi, ndikufuna wokonzedwanso, woti anauphwasula nkuumanganso, chifukwa mutu ukakonzedwa penti imasintha, nyali zimasintha, pena pathupi pamatsala zigamba zowotcherera ndipo kwa ine kukongola kwake kuli pomwepo.

Chandivuta ndi sikelo. Njanji za HO zogula (HO ndi saizi ya tisitima toseweretsa) ndi 16.5mm m'lifupi pa 1:87, kutanthauza kuchepetsa sitima yeniyeni ka 87, koma zimenezo zikuyimira njanji yaikulu ya 1435mm pomwe yathuyi ndi 1067mm, ndiye ndikawerengera pa 1:87 ikubwera cha m'ma 12mm, nanga mawilo oterowo ndiwapeza kuti kuno? Komanso thupi ndipange ndi chani, malata a chitini akumapindika moti timazenera totulukira mpweya tija sitikuwongoka. Ndikufuna kaziyenda ndithu, osati kongoyika pa kabati.

Wokhoma zidebe wa pa Kamwendo: Achimwene chitini chisiyeni. Pezani paipi ya PVC, ing'ambeni, muitenthetse pang'onopang'ono pa mbaula osayandikitsa kwambiri kenako muipanikize ndi matabwa awiri mpaka izizire, imakhala fulati bwinobwino ndipo imadulika ndi kampeni. Chitirani panja, utsi wake ndi woipa.

Membala wina: Bwana musavutike ndi 12mm. Pangani 1:64 pa njanji ya HO yomweyo, 1067 kugawa ndi 64 ndi pafupifupi 16.7, kusiyana kwake diso silingaone. Ku New Zealand njanji yawo ndi ngati yathu ndipo ambiri amapanga choncho. Kamutu kadzakula pang'ono, ndiye mota ya DVD yakufa ilowamo mosavuta.

Mayi wina: Zosangalatsa bambo, mwana wanga amapanga galimoto zamawaya, ndimuonetsa izi. Koma mukamakajambula zithunzi pemphani kaye kwa apasiteshoni, komanso osamaima pa njanji chonde.

Mwini funso: Zikomo nonse. Za 1:64 zandigwira mtima, ndijambulanso pulani yonse. Koma mota ya DVD imathamanga kwambiri pomwe mutu wokoka katundu umayenda mwaulemu, ndiye magiya ochepetsa liwiro ndingachotse mu chani, pulinta yakale? Komanso ngati muno muli madala amene anagwirapo ntchito ku wekishopu ya njanji ku Limbe kapena ali ndi zithunzi za mutu umodzi womwewo usanakonzedwe ndi utakonzedwa, makamaka denga ndi mbali zonse ziwiri, ndilembereni ku inbox chonde, denga ndi limene sindimaliona ndikaima pansi.