Kodi paipi ya mpweya yonyamulira magazi imasokoneza zotsatira za PT ndi APTT?

Wa ku Kapata:
Anzanga a m'malabu, thandizeni. M'zipatala zina zikuluzikulu magazi amachoka ku wodi kupita ku labu kudzera m'paipi ya mpweya, ija amati pneumatic tube. Timabotolo amatiika m'kachigubu, mpweya n'kukakankha. Kodi kugwedezeka kwa m'paipimo sikusintha zotsatira za kaundanidwe ka magazi, monga PT ndi APTT (zoyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane)? Kuno ku Chipata masampulo ena amabwera pa njinga yamoto kuchokera kutali monga ku Chadiza ndi ku Vubwi. Ngati paipi imawononga, nanga mabampu?

Wa ku Katete:
Achimwene, zimatengera mukuyeza chiyani. PT, INR (nambala yowerengedwa kuchokera ku PT), fibrinogen ndi D-dimer (zoyeza zina za kaundanidwe) sizisintha kwenikweni paipi ikakhala yokonzedwa bwino. Ovutika ndi maplateleti, tizidutswa ta m'magazi tothandiza kuti aundane. Kachigubu kamanyamuka mwamphamvu, kamawomba m'makona, kenako n'kuima mwadzidzidzi, ndipo maplateleti amadzuka, n'kuyamba kugwira ntchito, asanafike pa makina. N'chifukwa chake magazi oyezera zinthu zodalira maplateleti, monga platelet aggregation, PFA-100, TEG kapena ROTEM amanyamulidwa pamanja, osawaponya m'paipi.

Poopsa ndi pa wodwala amene ali pa diripi ya heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Maplateleti akadzuka amatulutsa puloteni yotchedwa platelet factor 4, imene imagwira heparin m'kabotolo n'kuifooketsa. APTT imatuluka yaifupi kuposa mmene ilili m'thupi, dokotala n'kuganiza kuti mankhwala achepa, n'kuwonjezera. Munthu wayamba kukha magazi chifukwa cha pepala lonama. Sampulo yotere izunguzidwe mu sentrifuji (makina olekanitsa maselo ndi madzi a magazi) lisanathe ola limodzi.

Yang'ananinso plazima, madzi a magazi otsala pamwamba mukazunguza. Ikafiirira ndiye kuti maselo ofiira asweka, ndipo makina oyeza ndi kuwala amasokonezeka. Pa timabotolo ta chemistry ta ulendo womwewo mudzaona potassium ndi LDH, zomwe zimatuluka m'maselo osweka, zakwera.

Wa ku Petauke:
Bambo a ku Kapata, pa njingapo ine mabampu sindiwaopa ngati nthawi ndi kutentha. Sampulo yambiri imawonongeka isanakwere n'komwe.

Kabotolo n'ka chivindikiro cha buluu wotuwira, ka sodium citrate 3.2%, mankhwala oletsa magazi kuundana m'kabotolo. Magazi akhale magawo 9, citrate gawo limodzi, choncho dzazani mpaka pamzere. Kakaperewera kupitirira gawo limodzi mwa 10, citrate imachuluka, imamanga calcium wa m'reagent (mankhwala oyezera), PT ndi APTT n'kutalika mwabodza. Mpata wotsala pamwambawo ndi umenenso umapangitsa thovu kabotolo kakamagwedezeka, kaya m'paipi kaya pa njinga. Ndipo chonde, kukhuthulira timabotolo tiwiri tosadzaza pamodzi si kudzaza, citrate ndiye yawirikiza.

Chingwe chomangira mkono chisapitirire mphindi imodzi. Ka buluu katsogole ka pepo, chifukwa EDTA, mankhwala a m'ka pepoko, ikadonthera mo zonse zatha. Ngati mwagwiritsa butterfly, singano ija ya kapaipi, yambani ndi kabotolo kotaya kuti mpweya wa m'kapaipi kake utuluke. Tembenuzani katatu kapena kanayi pang'onopang'ono, osakhutchumula.

PT imapirira mpaka maola 24 kabotolo kali kotseka, pa 18 mpaka 25°C. APTT maola 4 basi, poti factor VIII (puloteni yothandiza magazi kuundana) sachedwa kufooka. Ndiye INR ya wodwala wa warfarin (mapiritsi oletsa magazi kuundana) ikhoza kuyenda pa njinga bwinobwino, koma APTT yochokera kutali, makamaka mu Okutobala, ndi yokayikitsa.

Wa ku Kapata:
Zikomo amayi. Nanga kuika mu cooler box ya ayisi sikungathandize pa kutenthako?

Wa ku Petauke:
Ayi, magazi a citrate osazunguza asagunde ayisi. Kuzizira kumadzutsa factor VII (puloteni inanso ya kuundana), PT n'kufupika, pomwe factor VIII ndi puloteni ya von Willebrand zimachepa. Bokosi likhale lotchinga dzuwa, timabotolo choimirira, topanikizidwa ndi siponji. Ulendo ukakhala wautali, zunguzani komweko pa 1500 g kwa mphindi 15, tungani plazima osakhudza kamzere koyera ka pamwamba pa maselo ofiira, muumitse pa -20°C. Pamenepo imakhala milungu iwiri, bola isasungunuke m'njira kapena magetsi akazima. Posungunula ndi m'madzi a 37°C, mphindi pafupifupi 5, kusakaniza, n'kuyeza pompo.

Wa ku Lundazi:
Ndibwerere ku paipi. Mapaipi safanana: kutalika, makona, liwiro ndi kaimidwe kumapeto zimasiyana, choncho zotsatira za chipatala china si zanu. Labu iyese yake. Tengani timabotolo tiwiri pa munthu mmodzi nthawi imodzi, kena kapite pamanja, kena m'paipi kuchokera ku wodi yakutali kwambiri, muyeze pa makina amodzi. Muphatikizemo odwala a warfarin ndi a heparin, osati athanzi okhaokha. Zikasiyana, chepetsani liwiro ngati makina amalola, ndipo sinthani siponji za m'zigubu zikafwifwa. Njira yomweyi imagwiranso poyesa ulendo wa njinga.

China chimene chimaiwalika: haematocrit (Hct, gawo la magazi lomwe ndi maselo ofiira) ikapitirira 55%, monga mwa makanda ena obadwa kumene, plazima imachepa ndipo citrate imachuluka ngakhale kabotolo kadzaze bwino. Citrate yofunika, mu mL, ndi 0.00185 × (100 − Hct) × mL za magazi. Citrate yopitirira pamenepo ichotsedwe m'kabotolo musanatenge magaziwo.