Kodi kuno ku UK nkololedwa kugula chigaza cha munthu nkuchiika pabalaza?

NaPhiri_Leeds:
Abale ndithandizeni, mzungu wina amene timagwira naye ntchito wagula chigaza cha munthu chenicheni pa Instagram ndiye wachiika pa shelefu pabalaza, ati nchakale ankaphunzirira ma dokotala. Atandionetsa chithunzi pa foni thupi langa lonse linachita tsemwe. Kodi apolisi sangamugwire ameneyu?

Kambewa77:
Sangamugwire achemwali, pokhapokha ngati chinabedwa kapena anachita kufukula manda. Lamulo la kuno ndi Human Tissue Act ya 2004, limakamba kwambiri za chilolezo cha mwini thupi, malaisensi a zipatala ndi ma miziyamu komanso kuletsa kugulitsa ziwalo zokaika mwa munthu wina, koma mafupa a munthu amene anamwalira zaka zoposa 100 zapitazo lamulolo silikuwakhudza kwenikweni, nde anthu amangogulitsana ngati mipando yakale basi. eBay inaletsa malondawa mu 2016, ogulitsa anangosamukira pa Instagram ndi Facebook.

Gogo_wa_Luton:
Zoti "ankaphunzirira ma dokotala" zija musamazimve mophweka. Mafupa ambiri a m'masukulu a udokotala ankachokera ku India mpaka boma la kumeneko linaletsa kuwatumiza kunja mu 1985, ndipo anali a anthu osauka, ndani anawapempha amenewo? Ena anatengedwa nthawi ya atsamunda. Mu October 2024 okushoni ina ku Tetsworth, Oxfordshire inafuna kugulitsa chigaza cha munthu wa mtundu wa Naga, anthu aku Nagaland, dera la ku India kumene kumakhala a Naga, anakwiya mpaka nduna yaikulu yawo Neiphiu Rio kulembera kalata boma la India, okushoniyo inachichotsa pa malonda. Koma dziwani kuti anachichotsa chifukwa cha phokoso, panalibe lamulo lowakakamiza. Mu March 2025 gulu la aphungu a kuno ku UK lotsogozedwa ndi Bell Ribeiro-Addy linatulutsa lipoti lopempha kuti malondawa aletsedwe. Ine ndimati agogo a munthu sangakhale chokongoletsera nyumba ya wina, kaya pepala likuti chani.

Bambo_a_Tadala:
Ndingochenjeza, wina asaone izi nkuganiza zoika fupa mu sutikesi popita kumudzi. Ku Malawi lamulo lokhudza matupi ndi ziwalo za anthu la Anatomy Act analikhwimitsa mu 2016 nthawi ija abale athu achialubino amaphedwa ena kuwafukula m'manda, kupezeka ndi fupa la munthu popanda chilolezo ndi mlandu woti mutha kukhala kundende moyo wonse. Pa Chileka simukafotokoza zoti ndi antiki, chinthu chakale, inu.

NaPhiri_Leeds:
Zikomo nonse. Mawa pa buleki ndikamufunsa ngati wogulitsayo anamupatsa mapepala osonyeza kumene chinachokera, koma kwakeko tiyi sindikamwako ayi.