Mizere ya siliva ikuchita shoti ngakhale yapakidwa chotetezera: vuto ndi utoto kapena mapakidwe?

Mphatso K.

Moni akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za masensa a touch screen. Sensa yake ili pa filimu ya pulasitiki ya PET, yokhuthala ma micron 125 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi). Pakati, pamene pamaonekera chithunzi, pali silver nanowire (timawaya ta siliva tosaoneka ndi maso) ya ma ohm 60 pa sikweya, yodulidwa ndi laser. M'mbali muli mizere ya siliva yopulinta, mzere uliwonse ma micron 80, mpata wa pakati pa mizere 80. Pamwamba pa mizereyo pamapakidwa utoto woteteza, epoxy youma ndi kuwala kwa UV, ulendo umodzi, yokhuthala pafupifupi ma micron 8. Kenako OCA (guluu woonekera womatira sensa ku galasi) ndi galasi.

Zikangotuluka zonse zimagwira bwinobwino. Koma zikalowa m'bokosi loyesera la madigiri 85 ndi chinyezi cha 85 peresenti, zili pa magetsi a 5V, pofika maola 240 zina zimachita shoti pakati pa mizere iwiri yoyandikana. Pa mayikulosikopu pakuoneka tinthu totuwa tonga timizu ta udzu, tochoka pa mzere wina kulowera ku unzake, pansi pa epoxy. Zimene zaikidwa m'bokosi lomwelo popanda magetsi sizikuchita shoti, koma resistance ya nanowire ikukwera ndi 20 mpaka 30 peresenti, makamaka kufupi ndi modutsa laser.

Kodi tikhuthalitse epoxy ifike ma micron 20, kapena tisinthiretu utoto? Nanga nanowire tiipake chiyani chimene sichingatseke magetsi pamene ikukumana ndi siliva wa m'mbali?

Limbani N.

A Mphatso, timizu mukutionato ndi siliva yemweyo wa mizere yanu, wangosamuka. Chinyezi chikapanga kamadzi pakati pa mizere iwiri, siliva wa pa mzere wa positive amasungunuka n'kukhala ma ion (tizidutswa tokhala ndi mphamvu ya magetsi), magetsi n'kumawakokera ku mzere wa negative. Akafika kumeneko amabwerera kukhala chitsulo, n'kumamera kuloza kumene anachokera mpaka kukagunda. N'chifukwa chake zopanda magetsi sizikuchita shoti. Kayang'aneninso pa mayikulosikopu, tsinde la timizuto mulipeza ku negative, nsonga zake zikuloza ku positive.

Za kukhuthalitsa musaziikepo mtima. Palibe polima yopulinta imene imatsekereza nthunzi ya madzi. Pa madigiri 85, kaya ndi ma micron 8 kaya 20, nthunzi imakhala italowa tsiku loyamba lisanathe, ndipo ina imalowera ku PET ya pansi ndi m'mbali mwa OCA. Chimene chotetezera chimachita ndi kumana nthunziyo malo oti iunjikane n'kusanduka madzi. Pamene utoto wagwira PET zolimba, madzi alibe pokhala. Pamene wanyamuka pang'ono, ngakhale mosaoneka ndi maso, pamakhala ngalande, ndipo m'ngalandemo mukakhala kamchere, siliva wapeza msewu. Ndiye mafunso enieni ndi awiri: utotowo ukugwirabe ukanyowa, ndipo pansi pake ndi mkati mwake muli ma ion ochuluka bwanji?

Kumbukiraninso kuti 5V pa mpata wa ma micron 80 ndi 62.5V pa milimita imodzi. Tsiku limene mudzachepetse mpata kufika 40, mphamvu yokoka siliva idzawirikiza kawiri.

Tiyamike M.

A Limbani anena zoona, ndipo ine ndikukayikira epoxy yomweyo. Epoxy zambiri zimapangidwa ndi epichlorohydrin, ndipo zimatsala ndi chloride amene amamasuka zikakumana ndi madzi otentha. Chloride amatha kuthamangitsa kusamuka kwa siliva. Chachiwiri, epoxy youma ndi UV imauma ndi asidi wamphamvu amene amatuluka mu photoinitiator (mankhwala oyambitsa kuuma), nthawi zambiri ya sulfonium kapena iodonium, ikawombedwa ndi kuwala. Zotsalira za asidiyo sizipita kwina kulikonse, zimakhala momwemo, pamwamba penipeni pa siliva wanu.

Funsani amene akukugulitsani utoto akupatseni nambala ya hydrolysable chloride, chloride womasuka ndi madzi uja, mu ppm (magawo pa miliyoni), yolembedwa papepala. Kuti muyeze nokha, pulintani utotowo pa filimu yosamata, muumitse monga mumachitira nthawi zonse, muusende, muyeze kulemera kwake, muuviike m'madzi a DI (ochotsedwa ma ion) otentha m'botolo lotseka kwa maola 20 kapena 24. Madziwo atumizeni ku ion chromatography, makina oyeza ma ion amene ali m'madzimo. Ngati palibe, mita ya conductivity ndi ya pH zikuuzani zambiri, bola muyerekeze ndi botolo la madzi okhaokha lomwe latenthedwa limodzi ndi enawo.

China chomwe anthu amaiwala: epoxy ya mtunduwu imapitiriza kuuma itachoka pa nyali, ndipo chinyezi cha m'chipinda chopulintira chimaisokoneza. Mukaimata OCA nthawi yomweyo, mwatsekera mkati utoto wosapsa. Ipatseni kaye uvuni monga pepala la wopanga likunenera. Koma mukadandifunsa chosankha, ndikanati yesani urethane acrylate yopangidwira kuphimba siliva, kapena polyester youma ndi kutentha.

Chisomo B.

Ndiwonjezerepo za mapakidwe, chifukwa ngakhale utoto wabwino umalephera ukapakidwa ulendo umodzi. Mzere wa siliva wopulinta umatalika ma micron 6 mpaka 10 ndipo pamwamba pake ndi pokakala. Ma micron 8 mukunenawo mwayeza pamalo osalala. Pa phewa la mzere utoto umatsetserekera m'munsi usanaume, pamatsala mwina 2 kapena 3, ndipo tinsonga ta siliva timatulukira. Dulani sensa imodzi mopingasa, muione m'mbali pa mayikulosikopu, muona nokha.

Pulintani maulendo awiri, uliwonse ma micron 6 mpaka 8, muumitse pakati. Kabowo ka ulendo woyamba sikakumana ndi ka ulendo wachiwiri, ndipo phindu lake lili pamenepo. Mukamaliza kupulinta dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu kuti thovu la sefa yopulintira lituluke utoto usanalowe pa nyali. Utoto upitirire mzere womaliza ndi mamilimita 0.3 mpaka 0.5, ndipo ulendo wachiwiri upitirire woyamba pang'ono kuti m'mphepete mukhale motsetsereka. Mukaunjika ma micron 20 ngati chipupa, OCA yopyapyala imalephera kudzaza pakona, thovu limabwereranso patapita masiku ngakhale mutadutsitsa mu autoclave, makina opanikiza ndi mpweya ochotsera thovu. Thovu limenelo ndi mosungira madzi.

Pomangira chingwe chopyapyala chopindika cha FPC musapakepo, ACF (filimu yomatira chingwecho, yodutsa magetsi) iyenera kugwira chitsulo. Koma kampata ka pakati pa pothera utoto ndi poyambira chingwe ndi pamene shoti zambiri zimayambira. Pakani kaboni pa mapadi a siliva, ndipo mukamanga chingwe mutseke kampatako ndi resin.

Siliva wanuyo mukumuumitsa pa madigiri angati?

Mphatso K.

Zikomo kwambiri nonse. A Limbani, ndayang'ana, tsinde lilidi ku negative. A Chisomo, siliva akuuma pa madigiri 120 kwa mphindi 15, chifukwa tikakweza PET imachita mbuu. Pa nanowire pali kale overcoat (kakhungu koteteza) yochokera kwa wopanga filimu, laser imadula zonse pamodzi. Ogwira ntchito amavala magolovesi a nitrile, ndipo mafilimu amasungidwa m'makatoni, pepala pakati.

Chisomo B.

Mphindi 15 pa 120 ndi zochepa kwa ma paste ambiri, amene amafuna cha m'ma 130 kwa mphindi 30. Kuyesa kwake n'kosavuta. Yezani resistance ya mzere umodzi wautali, mubwezere m'uvuni mphindi zina 15, muyezenso utazizira. Ikatsika ndi kuposa pang'ono chabe, ndiye kuti munali solvent. Solvent yotsalayo imatuluka pambuyo pake pansi pa chotetezera n'kuchinyamula, ngalande ija a Limbani amanena n'kutseguka.

Mbuu wa PET ndi ma oligomer amene amatuluka mkati n'kuuma pamwamba ngati ufa woyera. Mankhwala ake si kuchepetsa moto wa siliva. Gulani PET yokhazikitsidwa kale ndi kutentha, yokhala ndi hard coat mbali zonse ziwiri, imene imatsekera ma oligomer mkati. Ufa umenewo ukakhala pakati pa mizere, utoto umagwira ufawo osati filimu.

Limbani N.

Mwayankha nokha funso la nanowire. Ngati laser ikudula overcoat pamodzi ndi mawaya, ndiye kuti m'mphepete monse modutsa laser nsonga za mawaya zili pamtunda, zikukhudzana ndi OCA. Waya wake ndi wa ma nanomita 20 mpaka 40 m'mimba mwake. Dzimbiri loti pa mzere wopulinta silingaoneke n'komwe, pa waya wotero limamudula pakati. Ndiye resistance iyenera kuyamba kukwera kumeneko.

Adani ake ndi sulufule ndi asidi. Sulufule amasandutsa siliva kukhala silver sulfide wakuda, wosadutsa magetsi bwino. Amachokera ku labala, ndipo magolovesi ambiri a nitrile ndi latex amalimbitsidwa ndi sulufule. Makatoni ndi mapepala wamba nawonso amatulutsa mpweya wake. Gulani magolovesi olembedwa kuti alibe sulufule, sungani mafilimu m'matumba otseka a polyethylene kapena a aluminiyamu, ndipo yang'ananinso ma roller ndi squeegee ngati ndi a labala wakuda. Asidi amachokera ku OCA: zambiri zakale zili ndi acrylic acid, imene imadya ngakhale ITO, kakhungu kena koonekera kodutsa magetsi pa masensa. Funani OCA yopanda asidi, ndipo mufunse mwachindunji ngati inayesedwa pa silver nanowire, chifukwa yoyenera ITO si nthawi zonse imayenera nanowire.

Mukatha laser tsukaninso. M'ngalande ya laser mumatsala tizidutswa ta siliva, ndipo timeneti ndi miyala yopondapo ya timizu tija.

Yamikani P.

Bwanji osangopaka silicone yoonekera pa sensa yonse? Sichita chikasu, siuma gwa, ndipo madzi amangotsetsereka. Komanso ndinamva kuti kuthira benzotriazole mu utoto kumaletsa dzimbiri.

Tiyamike M.

A Yamikani, silicone pa siliva ayi ndithu. Madontho amatsetserekadi, koma nthunzi ndi mpweya wa sulufule zimadutsa mu silicone mosavuta kuposa mu acrylic kapena epoxy. N'chifukwa chake ma LED okutidwa ndi silicone amada pa siliva wa mkati akakhala pafupi ndi labala. Kuwonjezera apo, OCA siigwira, ndipo ikangolowa m'chipinda chopulintira utoto wina uliwonse umayamba kuchita timaso.

Benzotriazole ndi yeniyeni, imagwira bwino kwambiri pa mkuwa, ndipo opanga masensa a timizere ta mkuwa (metal mesh) amaidalira. Pa siliva imathandizako, koma si yothira mwa diso. Ikachuluka imatuluka pamwamba, imasokoneza kuuma ndi kumata. Ikhale yoikidwa kale ndi wopanga utoto.

A Mphatso, ngati mukufuna kupaka overcoat ina mutatha laser, nazi nambala. Ikhale yopyapyala, ma nanomita 80 mpaka 150, kuti siliva wopulinta athe kufikira mawaya. Ikapitirira cha m'ma 200, resistance ya pokumanira imakwera ndipo imasiyanasiyana sensa ndi sensa. Sungunulani acrylate ifike 2 peresenti mu solvent, musefe ndi sefa ya micron 0.2 kapena 0.45. Mayer bar (ndodo yokulungidwa waya yopakira) nambala 3 imasiya pafupifupi ma micron 7 onyowa, ndipo ikauma mutsala ndi ma nanomita 100 ndi pang'ono. Ngati siliva wa m'mbali wapulintidwa kale, kukhuthala sikuvutanso pa zokumana, kupatula pa mapadi a FPC amene muyenera kuwaphimba musanapake.

Pomwe ambiri amagwa ndi pouma. Okosijeni wa mumpweya amaletsa acrylate kuuma pamwamba, ndipo kakhungu ka ma nanomita 100 konseko ndi pamwamba pokhapokha. Kamaoneka kouma, koma mukapukuta ndi kansalu ka IPA (isopropyl alcohol) kamachoka. Kuwonjezera UV si yankho, chifukwa UV wambiri pamodzi ndi ozoni wa nyali amawononga mawaya omwe mukuwatetezawo. Umitsani pansi pa nayitirojeni. Ngati muli ndi FTIR, makina oyeza mankhwala ndi kuwala kwa infrared, yang'anani nsonga ya pa 810, iyenera kutsika kwambiri ikauma. Corona ndi plasma ya okosijeni, njira zowombera filimu ndi magetsi, musazidutsitse pa nanowire pofuna kuti utoto ugwire, zimawotcha mawaya.

Limbani N.

Musasinthe zonse nthawi imodzi, simudziwa chimene chathandiza. Pulintani tizitsanzo tonga zipeso ziwiri zolowana mano, mpata 80 womwewo, ndipo mugawe magulu: lina utoto wakale monga mukuchitira pano, lina utoto wakale koma siliva wouma pa 130 kwa mphindi 30, lina maulendo awiri, lina utoto watsopano, lina lopanda utoto n'komwe. Gulu lililonse likhale ndi zosachepera khumi. Lopanda utotolo musalisiye. Likapirira kuposa lopakidwa epoxy, mwagwira wakuba, ndi utotowo. Pa chingwe chilichonse ikani resistor ya megaohm imodzi, apo ayi kamzu kakangogunda kamapsa ndi magetsi, shoti n'kuzimiririka inu musanaione. Lembani kayendedwe ka magetsi nthawi yonse, osati pomaliza pokha. Potsegula bokosi tsitsani chinyezi kaye kenako kutentha, kuti mame asagwere pa zitsanzo.

Mayeso a selotepi pa timabokosi todula, a ASTM D3359, achiteni zitsanzo zitangotuluka m'chinyezi. 5B (giredi yapamwamba pa mayesowa) ya utoto wouma bwino patebulo siikuuzani kanthu pa vuto lanuli.

Mphatso K.

Ndalemba zonse. Ndiyamba ndi zipeso ndi mayeso a madzi a DI sabata ino. Funso limodzi lotsala: sensa imeneyi ikagwira ntchito padzuwa. Kodi 85 ndi 85 ikukwanira?

Tiyamike M.

Sikukwanira. Nanowire ili ndi matenda ake a kuwala amene bokosi la chinyezi silionetsa, chifukwa mkati mwake ndi mumdima. Mawaya amaduka motsatira malire a pakati pa malo owala ndi utoto wakuda wa m'mphepete mwa galasi, kamzere kopyapyala, pakati pa sikirini pali bwinobwino. Choncho yesani sensa yomatidwa kale pa galasi lake lenileni, ndi OCA yake yeniyeni, pansi pa nyali ya xenon ndi kutentha, ndipo muziyeza tchanelo chilichonse pachokha. Filimu yokha yopanda galasi idzakhoza mayesowo koma n'kukalephera ikamatidwa. OCA yokhala ndi zotchinga UV imachepetsa vutoli, koma muione ngati sikutembenuza sikirini kukhala yachikasu, ndipo muyezenso mbuu (haze) ndi ASTM D1003 musanayambe ndi mutamaliza.