Kodi "mphini yobwereza imawala" imanena za chiyani kwenikweni?

Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambiwu ndimaumva pa nkhani ya malangizo, kuti mawu akabwerezedwa amakhazikika. Koma mphini yake ndi iti? Ya mankhwala ija yotemera kwa sing'anga, kapena yokongoletsa imene amayi akale ankatema kumaso? Ndipo kubwereza kwake n'kutema pomwe panatemedwa kale, kapena kutengera chithunzi cha mphini ya wina?

Chandifunsitsa ndi nyumba ziwiri za ku China. Ku Ningbo kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, yomwe inatsegulidwa mu 2008. Anaikonza ndi akatswiri ojambula mapulani a nyumba, Wang Shu ndi mkazi wake Lu Wenyu. Makoma ake anawakuta ndi zidutswa za njerwa ndi matailosi zotoledwa m'midzi yogwetsedwa, pogwiritsa ntchito luso lakale lotchedwa wapan, limene alimi a kumeneko ankamangira msanga nyumba zikagwa ndi namondwe. Amisiri ake ndiwo ankasanja zidutswazo ndi manja. Mu 2012 Wang Shu analandira mphoto ya Pritzker, yomwe imaperekedwa kwa akatswiri ojambula mapulani a nyumba.

Ina ndi nyumba yofiira ya China pa chionetsero cha mayiko cha ku Shanghai mu 2010, yomwe mapulani ake anajambula He Jingtang. Inatengera maonekedwe a dougong, timitengo tolumana popanda msomali tonyamula denga la akachisi. Koma iyo ndi ya zitsulo ndi konkire. Kwa ine mwambiwu ukukwana pa yoyamba yokha. Kodi ndalondola?

Yankho: Mwanawe, mphini ya m'mwambimu ndi ya kumaso. Yotema kamodzi inkafifia bala likapola, ndiye ankabwereza pomwepo n'kupaka makala mpaka ioneke. Kubwereza ndi dzanja, pamalo omwewo. Ku Ningbo kumene ukunenako ndikuvomera, chifukwa luso lenilenilo linagwiranso ntchito.

Yankho: Pepani agogo, ine ndikuona mosiyana pang'ono. Mwambi sunati mpeni ukhale womwewo. Cholinga n'chakuti chizindikiro chiwale, anthu adziwe kwanu. Nyumba ya ku Shanghai munthu akangoiona amadziwa kuti ndi ya ku China, ngakhale mulibe mtengo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Komabe achimwene, mmisiri wa dougong adyapo chiyani pa nyumba yazitsulo? Ku Ningbo omanga anaphunziranso wapan n'kulipidwa. Agogo, funso latsala: kwanu amati "imawala" kapena "ndiyo iwala"? Ndamvapo zonse ziwiri.