Tingadziwe bwanji kuti bondo la wosewera lachira pambuyo pa opaleshoni ya ACL?

Mphunzitsi wa mpira wamanja: Akuluakulu, mtsikana wanga wina anachitidwa opaleshoni yolumikiza mtsempha wa ACL (umene umagwirizanitsa mafupa mkati mwa bondo) miyezi 6 yapitayo, ndipo popeza ululu unatha akuumirira kubwerera m'bwalo. Ndimulole?

Wa mafizo: Chonde aphunzitsi, musamulole msanga. Kutha kwa ululu sikutanthauza kuti mtsempha watsopano wakhwima, ndipo akatswiri ambiri amalangiza kudikira miyezi yosachepera 9. Timayeza mphamvu za minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, kenako timamudumphitsa ndi mwendo umodzi, kamodzi komanso katatu motsatizana, ndipo mwendo wovulalawo uyenera kufika 90 peresenti ya mwendo wabwinowo. Poterapo timayang'anitsitsa ngati bondo likugwera mkati, chifukwa mtsemphawu umaduka kawirikawiri potera ndi potembenuka mwadzidzidzi.

Wokonda Liverpool: Wosewera mpira wamiyendo Virgil van Dijk anavulala mtsempha womwewu akusewerera Liverpool mu Okutobala 2020, koma ngakhale anali ndi madokotala apamwamba, anaseweranso mu ligi mu Ogasiti 2021.

Mayi wa wosewera: Mumufunsenso za mantha, aphunzitsi. Mwana wanga anapambana mayeso onse, komabe ankaopa kupondera mwendowo akamalimbirana mpira, mpaka adokotala anamuwonjezera miyezi ina yolimbitsa thupi.