Mfuti za m'manja zakale zachitsulo: yopambana ndi iti?

Akuluakulu, tithandizeni kuthetsa mkangano wathu wa pabawo kuno ku Chitakale. Sikuti ndikufuna kugula ayi, n'kukonda mbiri chabe.

Malume anga, omwe anapuma pa usilikali, salola kumva za mfuti ina koma Browning Hi-Power. Akuti inatuluka mu 1935 ku Belgium, magazini yake imalowa zipolopolo 13 za 9mm, ndipo asilikali a ku Britain anaigwiritsa ntchito mpaka cha mu 2013 pomwe anasinthira ku Glock yokhala ndi thupi lapulasitiki. Imeneyo amainyoza kuti n'chidole.

Ine mtima uli pa Colt 1911. Zipolopolo n'zisanu n'ziwiri zokha, inde, koma ndi zonenepa za .45, komanso anaikonza ndi John Browning, yemweyo amene dzina lake lili pa Browning Hi-Power ija. Mnzathu wina wangoponyamo CZ 75 ya ku Czechoslovakia, malume angoti fwee!

Ndiye inu amene munazigwirapo, kupolisi kapena kuusilikali, kulemera kwa chitsuloko kumachepetsadi kukankha ikaomba? Nanga ndi chinyezi cha kuno ku Mulanje, ndi iti yosachedwa kuchita dzimbiri? Mutasankha imodzi yokha, mungatenge iti?