Kodi ndi nzeru kukwera sitima yapamadzi ku Caribbean mu Sepitembala?

Nabanda, South Bend

Abale ndi alongo, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munayendapo pa sitima zikuluzikulu zonyamula alendo ku zilumba za Caribbean. Ine ndi amuna anga tikwanitsa zaka 20 tili pabanja mu Sepitembala muno, ndipo tinagwirizana kalekale kuti chaka chimenechi tikachikondwerere panyanja. Kuchipatala kumene ndimagwira ntchito andipatsa tchuthi cha sabata yachiwiri ya Sepitembala, ndipo anenetsa kuti masikuwo sangasunthe. Nditayang'ana mitengo ndapeza kuti ulendo wa masiku 7 wochokera ku Miami kupita ku St Thomas ndi St Maarten ndi wotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi ulendo womwewo mu Disembala, koma mnzanga wakuntchito wandiuza kuti kutsikako n'chifukwa chakuti imeneyi ndi nyengo ya namondwe.

Ndinene mosabisa kuti mawu akuti namondwe amandizizira m'thupi, chifukwa achibale anga ku Chilobwe anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi pamene Freddy anagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche mu Marichi 2023. Ndiye ndikufuna kudziwa ngati munthu ali m'sitima angakumane ndi zoopsa zotere, komanso chimene chimachitika ndi ndalama zathu ngati ulendo wasokonekera.

Bambo Phiri, Orlando

Mayi Nabanda, mnzanuyo wanena zoona. Nyengo ya namondwe m'nyanja ya Atlantic imayamba pa 1 Juni ndi kutha pa 30 Novembala, koma anamondwe ambiri ndi amphamvu amabwera kuyambira pakati pa Ogasiti mpaka pakati pa Okotobala, ndipo pachimake penipeni pamagwa cha m'ma 10 Sepitembala, kutanthauza kuti sabata yanuyo ili pakati pa moto. Chifukwa chake n'chakuti nthawi imeneyi madzi a m'nyanja amakhala atafunda kupitirira madigiri 26, ndipo mphepo zamvula zochokera kumadzulo kwa Africa, cha ku zilumba za Cape Verde, zimapeza mphamvu pamadzi ofundawo pamene zikuwoloka nyanja kulunjika ku Caribbean. Ndi mtundu womwewo wa mphepo ndi Freddy, kungoti kwathu umachokera ku Indian Ocean ndipo umabwera m'miyezi ina.

Komabe kusiyana kwakukulu pakati pa nyumba ya ku Chilobwe ndi sitima n'kwakuti sitima imayenda. Mphepo ya mkati mwa namondwe imazungulira mwaliwiro loopsa, makilomita 119 pa ola kapena kuposa, koma namondweyo payekha amasuntha pang'onopang'ono, kawirikawiri mochepera liwiro la sitima zimenezi, zomwe zimatha kuyenda makilomita pafupifupi 40 pa ola. Ofesi ya National Hurricane Center ya ku Miami imatulutsa uthenga watsopano maola 6 aliwonse ndipo imalosera njira ya namondwe ya masiku 5 akutsogolo, choncho kaputeni amadziwiratu kumene sayenera kupita. Palibe kampani imene ingalowetse chombo cha ndalama zankhaninkhani ndi anthu zikwizikwi m'maso mwa namondwe.

Chimene mungataye si moyo koma zilumba zimene mwasankha. Ine zinandichitikira. Tinalipira ulendo wa kum'mawa, monga wanuwo, koma usiku woyamba tili patebulo kudya, kaputeni analankhula pa zokuzira mawu kuti tatembenukira kumadzulo, ndipo m'malo mwa St Maarten tinakafika ku Cozumel m'dziko la Mexico. Tsiku lachiwiri nyanja inali yowinduka ngakhale namondweyo anali kutali kwambiri. Madzi a m'dziwe losambira pamwamba pa sitima ankakhavukira uku ndi uku mpaka antchito anawapopa onse ndi kutchinga dziwelo ndi ukonde, ndipo pamakwerero aliwonse anapachikapo timapepala tosanziramo. Akazi anga anagona tsiku lonse ndi nseru, pamene ine, amene ndinazolowera Ilala pa mwera, ndinadya bwinobwino. Chimene chinatipweteka ndi ndalama zimene tinalipiriratu kwa munthu wina wa boti ku St Maarten kudzera pa intaneti, zomwe sizinabwererenso. Ulendo wapachilumba wogula kudzera ku sitima yeniyeniyo amakubwezerani ngati simunafikeko, ngakhale umakhala wodulirapo.

Muwerenge mgwirizano umene umabwera ndi tikiti, ngakhale zilembo zake ndi zing'onozing'ono. Mupeza kuti kampani ili ndi ufulu wosintha madoko kapena kuwadumpha chifukwa cha nyengo popanda kukulipirani chipepeso, kupatula msonkho wa doko limene simunaimepo. Ngati chikhumbo chanu ndi kukhala m'sitima ndi amuna anu, pitani. Ngati mtima wanu uli pa St Thomas yekhayo, Sepitembala si mwezi wake.

Mayi Nasibeko, Houston

Achemwali, zimene anena Bambo Phiri zokhudza panyanja ndikugwirizana nazo, koma ine ndikuona kuti vuto lalikulu lili kumtunda. Sitima ikhoza kuthawa namondwe, koma doko silithawa. Mu Ogasiti 2017, pamene namondwe Harvey anamiza mzinda wathu wa Houston, doko lapafupi nafe la Galveston linatsekedwa ndipo sitima zimene zinkayenera kubwerera kumapeto kwa sabata sizinathe kukocheza, kotero zina zinapita ku New Orleans kukatenga chakudya ndi madzi ndi kutsitsa amene anafuna kutsika, ndipo anthu ena anafika kwawo patapita masiku angapo, magalimoto awo akuwadikira pamalo oimikapo magalimoto ku Galveston. Ku Miami nakonso madoko amatsekedwa namondwe akayandikira Florida, ndipo ndege zimaimitsidwa.

Inu mwanena kuti ndinu a kuchipatala ndipo masiku anu sasuntha, choncho musalole kuti akuikeni pa ntchito tsiku lotsatira kubwerera kwa sitima, ndipo mupezeretu mnzanu amene angakugwirireni ntchito mukachedwa. Ngati inu kapena bambo akunyumba mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga, mutenge oonjezera a sabata ina yathunthu, chifukwa kachipatala ka m'sitima kamadula ndipo sikasunga mankhwala amtundu uliwonse. Popita mukwere ndege tsiku limodzi kapena awiri sitima isananyamuke, n'kukagona kuhotela ku Miami, poti ndege yanu ikachedwa sitima siidikira munthu.

Pa nkhani ya inshuwalansi ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Inshuwalansi ya ulendo imagwira ntchito pa namondwe pokhapokha ngati munaigula namondweyo asanapatsidwe dzina. Akangomutcha dzina, makampani amati ngoziyo inali yodziwika kale, ndipo mukagula pambuyo pake mwangotaya ndalama pa mbali imeneyo. Mugule tsiku lomwelo limene mukulipira tikiti. Chachiwiri, inshuwalansi wamba siibweza ndalama chifukwa chakuti mwachita mantha mutaona nkhani pa wailesi yakanema, sitima ikunyamuka monga mwa nthawi zonse. Pali mtundu wina wodulirapo umene umalola kusiya ulendo pa chifukwa chilichonse, koma umabweza gawo chabe la ndalama, ndipo nawonso umafuna kugulidwa m'masiku oyambirira mutalipira. Ngati kampani ya sitimayo yathetsa yokha ulendo wonse, ndalama za tikiti ya sitima imabweza, koma za ndege ndi za hotela zimene munagula panokha ndi nkhani yanu ndi inshuwalansi yanu.

Bambo Gama, Indianapolis

Ine ndingowonjezera za njira. Anzathuwa akulankhula ngati Caribbean yonse ndi imodzi, pamene zilumba zimene mwasankhazo zili pamsewu weniweni wa anamondwe ochokera ku Cape Verde. Namondwe Irma anaphwasula Barbuda ndi St Maarten mu Sepitembala 2017, patangopita masabata awiri Maria anagwetsa Dominica ndi Puerto Rico, ndipo St Maarten inatha miyezi ingapo isakulandira sitima za alendo. Namondwe Dorian anachita zomwezo ku Abaco ndi Grand Bahama, zilumba za dziko la Bahamas, mu Sepitembala 2019. Choncho ngakhale sabata yanu itakhala ya dzuwa, mukhoza kupeza doko litawonongeka ndi namondwe wa sabata yapitayo.

Fufuzani maulendo opita kumwera, ku Aruba, Bonaire ndi Curaçao, zilumba zimene zili pafupi ndi gombe la Venezuela ndipo anamondwe sazifikira kawirikawiri. Sindikuti kumwera kulibe ngozi, chifukwa Beryl anasakaza Carriacou, chilumba cha Grenada, pa 1 Julaye 2024, nyengo itangoyamba kumene. Vuto lina n'lakuti kuchokera ku Florida kumwerako ndi kutali, ndipo maulendo ambiri amatenga masiku 8 kapena kuposa, ndiye muwerengere bwino tchuthi chanu. Ngati mukuyendera pasipoti ya Malawi, mufunse kampaniyo za viza ya mayiko onse amene sitima ingapatukireko, osati okhawo olembedwa patikiti. Za nseru, musankhe chipinda cha pakati pa sitima ndiponso chapansi, kumene kugwedezeka kumachepa.

Nabanda, South Bend

Zikomo kwambiri nonsenu, mwandimasula. Usiku wathawu tinakhala pansi ndi amuna anga n'kuwerenga zonsezi, ndipo iwo anena kuti kwa iwo Cozumel kapena St Thomas ndi chimodzimodzi bola akhale pamadzi, choncho tipita. Ulendo wa masiku 8 wopita ku Aruba ndi Curaçao ndaupeza, wochokera ku Fort Lauderdale, koma ukubwerera Lamlungu pamene ine ndikuyenera kuyamba ntchito Lolemba m'mawa, zimene Mayi Nasibeko andichenjeza. Mawa ndikalankhula ndi mkulu wa wodi yathu kuti ndione ngati mnzanga wina angandigwirire Lolemba ndi Lachiwiri, ine n'kudzamubwezera pa Khirisimasi. Akavomera, ndilipira tikiti ndi inshuwalansi tsiku limodzi. Mayi Nasibeko, kodi inshuwalansiyo ndi bwino kugula kwa kampani ya sitima yomweyo, kapena kwa kampani ina yapadera imene ingaphatikizepo ndege ndi hotela ya ku Florida?